Ayisikirimu ndi mafirizesi: kuzizira sikupha tizilombo

Ngati mudayendapo pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msika wa Lizulu mukuudziwa. Pali milu ya mbatatesi, kabichi, matimati ndi anyezi, tsidya lino la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Mu Juni ndi Julayi kuderali kumazizira koopsa, koma ikafika Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndipo mwana amene mwamutenga kumsika sayang'ana kabichi. Maso ake amakhala pa cooler box ya ogulitsa mafirizesi ndi ayisikirimu.

Ambiri timagula mosaganiza kawiri poyesa kuti chinthu choundana sichingakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda. Asayansi amati si choncho. Kuzizira kumangogoneka tizilombo tambiri. Chimene chimatipha ndi kutentha. Mfundo imeneyi mukhoza kuiphunzira limodzi ndi ana anu pakhomo, uku mukudzipangira ayisikirimu popanda firiji.

Kumene makampani amalandira alendo

Kumayiko ena, makampani opanga ayisikirimu adatsegula malo oti mabanja azikacheza ndi kuphunzira. Ku America, m'tauni ya Columbia m'chigawo cha Pennsylvania, kampani ya Turkey Hill idatsegula malo otere mu 2011. Ana amakama ng'ombe zoseweretsa, amasankha pakompyuta zosakaniza za ayisikirimu wa kumtima kwawo, kenako amalawa. Ku Waterbury m'chigawo cha Vermont, alendo amayendera fakitale ya Ben & Jerry's. Ku Italy, kufupi ndi mzinda wa Bologna, kampani yopanga makina a ayisikirimu ya Carpigiani idatsegula mu 2012 nyumba yoonetsa mbiri ya chakudyachi.

Chofunika kuona apa nchakuti mlendo wa kufakitale ya ku Waterbury amaonera makina ali kuseri kwa galasi. Salowa m'chipinda chopangiramo. Chifukwa chake nchosavuta: mkaka ndi shuga zimene mwana wanu amakonda ndi chakudyanso cha tizilombo. Dzanja limodzi losasamba likhoza kuwononga thanki yonse.

Chimachitika nchiyani m'fakitale?

Ntchito imayamba ndi moto. Mkaka, mafuta a mkaka ndi shuga zikasakanizidwa, zimatenthetsedwa kuti tizilombo tife. Njirayi imatchedwa pasteurisation, potengera dzina la wasayansi wa ku France, Louis Pasteur. Mkaka wakumwa umatenthetsedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30. Msakanizo wa ayisikirimu, poti ngwokhuthala, umafuna kutentha koposerapo.

Akatero ndi pamene amauziziritsa, nkuuthira m'makina amene amaundanitsa uku akutakasa. Kutakasako kumachita zinthu ziwiri. Choyamba, kumaphwanya timibulu ta madzi oundana kuti tikhale tating'ono kwambiri, lilime lisatimve. Chachiwiri, kumalowetsa mpweya. Mu ayisikirimu wina wa m'sitolo, mpweya umafika theka la zimene zili m'kapumo. Nchifukwa chake kapu yooneka yodzaza imapepuka, ndipo akasungunuka mumangopeza timadzi tochepa pansi. Pomaliza amamusunga pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kuzizira koposa pamenepo.

Ngakhale makampani akuluakulu amapunthwa. Mu 1994, ku America, ayisikirimu wa kampani ya Schwan's adafalitsa tizilombo ta Salmonella, ndipo ofufuza adayerekeza kuti anthu 224,000 adadwala. Msakanizo unali wotenthetsedwa kale, koma adaunyamula m'mathanki a galimoto omwe adali atanyamulapo mazira osaphika. Mu 2015, ayisikirimu wa kampani ya Blue Bell adapezeka ndi tizilombo ta Listeria. Anthu 10 adadwala ndipo atatu adamwalira. Pazochitika zonse ziwirizi chakudyacho chidali choundana gwa, koma tizilombo tidali moyo.

Listeria ngwoopsa mwapadera chifukwa amatha kuswana ngakhale m'firiji wamba. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chidatsika. Kwa mayi woyembekezera, matendawa akhoza kuchititsa kuti apite padera.

Kuno kwathu vuto ndi madzi ndi mkaka wosawiritsa

Firizesi ndi madzi, shuga ndi zokometsera basi. Ngati madziwo adatungidwa pachitsime chosatetezedwa ndipo sadawiritsidwe kapena kuthiridwa kolorini, firiji siingawayeretse. Tizilombo ta kolera ndi tayifodi tina timafa ndi kuzizira, koma tina timapulumuka nkudzuka firizesiyo ikasungunuka m'kamwa. Palinso kunja kwa kapepala kake, kamene kadutsa m'manja ogwira ndalama, ndipo mwana amakang'amba ndi mano.

Sitinaiwale mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga nkufalikira dziko lonse. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adataya miyoyo. Pamalo ngati Lizulu, pomwe tsiku lililonse pamaima mabasi ndi malole komanso anthu amawoloka malire mbali zonse ziwiri, matenda a m'madzi savuta kufika ndiponso savuta kunyamulidwa kupita kwina.

Nawo mkaka wongokamidwa kumene ukhoza kukhala ndi tizilombo ta TB ya ng'ombe ndi ta matenda a brucellosis, ngakhale ng'ombeyo ikuoneka yathanzi. Kuwiritsa kumapha tizilombo timeneti. Kumalo okwera ngati ku Lizulu madzi amawira asanafike madigiri 100, koma musade nkhawa, kutenthako kumaposabe kutali madigiri 72 aja.

Yesani nokha ndi ana

Simufunika ulendo wa pandege kuti ana aone sayansiyi. Makina oyamba opukusa ndi manja, omwe mayi Nancy Johnson adalembetsa ku America mu 1843, ankangodalira madzi oundana ndi mchere. Inunso mukhoza kuchita zomwezo.

Pezani kapu imodzi ya mkaka, masupuni aakulu awiri a shuga, nthochi yakupsa imodzi, kachitini koyera kokhala ndi chivindikiro chothina, kandowa kovindikira, madzi oundana ophwanyaphwanya ndi mchere wa mibulu.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, inu ndi ana omwe. Wiritsani mkaka, sungunulanimo shuga, vindikirani ndipo dikirani uzizire. Kanyani nthochi ndi supuni yoyera, sakanizani ndi mkakawo, thirani m'kachitini nkutseka zolimba. Musadzazitse, siyani mpata wa mpweya. Ikani kachitiniko m'kandowa, zungulizani ndi madzi oundana, ndipo pa makapu anayi aliwonse a madzi oundana thiranipo kapu imodzi ya mchere. Tsekani, kulungani ndi chitenje kuti manja asapweteke ndi kuzizira, ndipo ana azilandizana kukhutchumula kwa mphindi 10 mpaka 15. Musanatsegule kachitini, tsukani chivindikiro ndi madzi otetezedwa kuti madzi a mchere asalowemo.

Mchere ukugwira ntchito yanji? Madzi wamba amaundana pa ziro. Mkaka wothira shuga umayamba kuundana pansi pa ziro, choncho madzi oundana okha sangaulimbitse. Mchere umakakamiza madzi oundanawo kusungunuka, ndipo posungunuka amayamwa kutentha kwa zinthu zowazungulira, kuphatikizapo mkaka wanu. Msakanizo wa mchere ndi madzi oundana ukhoza kutsika mpaka madigiri 21 pansi pa ziro. Kuti ana akhulupirire, konzani tindowa tiwiri, kena kothira mchere, kena kopanda. M'kopanda mchereko mkaka ungozizira osalimba.

Afunseninso kuti, pa zonse zimene mwachita, ndi iti yomwe yapha tizilombo? Yankho ndi mphika uja udali pamoto, osati kandowa.

Pogula, onani izi

Ngati ndi ayisikirimu wa m'paketi, fufuzani tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Pewani paketi yong'ambika, yonata kunja kapena yopindika maonekedwe. Ayisikirimu amene mukumva ngati mchenga palilime, kapena amene ali ndi timibulu ta madzi oundana pamwamba, adasungunukapo nkuundananso, mwina magetsi atazima. Nthawi imene adali wofunda ndi imene tizilombo timaswana, ndipo kumubwezera m'firiji sikufafaniza zimenezo.

Ngati ndi firizesi yopangidwa pakhomo, musachite manyazi kufunsa wogulitsa ngati madzi adawiritsa kapena adathira kolorini. Tsukani kunja kwa kapepala ndi madzi otetezedwa musanapatse mwana. M'dera mukamveka kolera, ndi bwino kuyamba mwasiya zoundana zomwe simukudziwa kapangidwe kake.

Inu amene mumapanga mafirizesi kuti mupeze ya sopo ndi ya fizi, bizinesi yanu yagona pa madzi. Wiritsani madziwo kapena thiranimo mankhwala monga WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Sambani m'manja musanayambe kuthira m'mapepala, musafufuze m'kapepala ndi pakamwa pofuna kukatsegula, ndipo tsukani cooler box tsiku lililonse. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhoza kukuthandizani pa kathiridwe ka kolorini.

Shuga nayenso ali ndi malire

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo nkwabwino koposa kutsika kufika masupuni 6. Kwa mwana muyezo ngwocheperapo. Masupuni aakulu awiri a m'kachitini kaja ndi ofanana ndi aang'ono 6, choncho agawireni ana awiri kapena atatu, ndipo chikhale chakudya cha apo ndi apo. Mwana wosakwana miyezi 6 asalawe nkomwe, iye ndi bere lokha.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba atadya zoundana, yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati chimbudzi chili chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena akusanza mosalekeza, maso alowa m'kati kapena akukanika kumwa, thamangani naye kuchipatala uku mukumumwetsabe m'njira. Kolera ikhoza kupha m'maola ochepa, koma wofika msanga kuchipatala nthawi zambiri amachira.