Mvula ikagwa ku Chikangawa, madzi amathamangira kuti?

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi, ndipo lita imodziyo imalemera kilogalamu imodzi. Lamulo limeneli mulisunge, chifukwa ndi limene tigwiritse ntchito pa nkhani ya madzi osefukira.

Tiyambe ndi denga la kwanu. Tinene kuti ndi la malata, mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndiye kuti masikweya mita 80. Kukagwa mvula ya mamilimita 50, dengalo limatsitsa malita 4,000, zomwe ndi zigubu 200 za malita 20. Pa hekitala imodzi, mvula yomweyo ndi malita 500,000, kapena kuti matani 500 a madzi. Nanga nkhalango ya Chikangawa, imene malo ake ndi pafupifupi mahekitala 53,000? Mvulayo itagwa paliponse, ndi malita oposa 26 biliyoni. Madzi amenewa sakhala pamwamba pa mapiri a Viphya pomwepo ayi. Ena amatsikira kum'mawa kupita ku nyanja, ena amalowa mu mitsinje ngati Mzimba ndi Kasitu, yomwe imakathira mu South Rukuru.

Chimene ndimatsindika m'kalasi mwanga n'chakuti kusefukira kumadalira kwambiri nthawi imene madziwo atenga kuti afike kumunsi. Werengerani nokha. Malita 500,000 aja akamatsika pang'onopang'ono kwa maola 24, ndi malita pafupifupi 6 pa sekondi. Akatsika onse mu ola limodzi, ndi malita 139 pa sekondi. Madzi ndi omwewo, koma kamtsinje kamene kakanatha kunyamula oyambawo kamadzaza n'kutayikira m'minda ndi m'nyumba za anthu.

Apa ndi pamene mitengo imagwira ntchito. Nthambi zimachepetsa liwiro la madontho, masamba a paini amene aunjikana pansi amamwa madzi ngati siponji, ndipo mizu imatsegula tinjira toti madzi alowe m'nthaka. Nkhalango ya Chikangawa inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960, koma mbali zake zambiri zatha chifukwa cha kudula mitengo osabzalanso ndiponso moto wolusa. Pamalo popsa kapena pogwetsedwa, nthaka imauma gwa, madzi n'kumangoyenda pamwamba.

Mukukumbukira KE = ½mv²? Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndiye chifukwa chake madzi otsetsereka paphiri loyera amakokolola dothi, kukumba zigwembe ndi kugumula maziko a nyumba za zidina. Dothilo limakakhala m'mitsinje ndi m'ngalande, n'kuchepetsa malo odutsa madzi.

Ngalande nayo ili ndi masamu ake: Q = A × v. Q ndi madzi odutsa pa sekondi, A ndi kukula kwa khomo limene akudutsamo, v ndi liwiro lawo. Kalavati ya pa msewu ikatsekeka theka ndi mchenga, majumbo ndi mabotolo, A yatsika ndi theka. Madzi otsalawo apita kuti? Amabwerera m'mbuyo n'kulowa mu golosale ya munthu. Wotaya zinyalala m'ngalande pa Mzimba boma amaganiza kuti mvula imuchotsera, osadziwa kuti akusintha A.

Tisanamizane, mitengo ndi ngalande zili ndi malire. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, nthaka imakhuta, siponji ija imadzaza. Zinatero mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo anthu mazanamazana anamwalira m'chigawo chakummwera. Choncho malo omangapo nyumba ndi nkhani ya moyo. Dambo ndi mphepete mwa mtsinje ndi njira ya madzi, ngakhale pataoneka pouma mu Okutobala. A zanyengo kapena a DoDMA akachenjeza kuti musamukire kumtunda, musadikire kuti muone kaye.

Nanga inshuwalansi? Imagwira ntchito ngati kusonkherana: anthu ambiri amalipira pang'onopang'ono, ndipo amene nyumba yake yawonongeka amalipidwa kuchokera m'thumba limenelo. Ngati makolo anu ali nayo ya nyumba kapena ya shopu, afunse ngati madzi osefukira alembedwamo, chifukwa kampani imalipira zokhazo zimene zili m'pangano. Komanso inshuwalansi imangobweza ndalama, madziwo siyiwaletsa kubwera.

Zoti mungachite pakhomo zilipo. Kololani madzi a padenga mu thanki kapena m'migolo, bzalani vetiva mopingasa malo otsetsereka, ndipo yeretsani ngalande mvula isanayambe mu Novembala.

Nayi ntchito ya sabata ino. Dulani mabotolo awiri a malita 2 m'litali, muikemo dothi lofanana, muwapendeketse mofanana. Limodzi muphimbe ndi masamba a paini kapena udzu wouma, linalo likhale loyera. Thirani theka la lita pa lililonse kudzera m'chitini chobowolabowola. Yezani masekondi amene apite madzi asanayambe kutuluka kukamwa kwa botolo, kuchuluka kwa madzi otulukawo, ndi mtundu wake. Bwerezani katatu, mulembe manambala anu, mubwere nawo tidzajambule galafu.