Dongo Losachokera ku Dambo

Anthu ambiri amene amagwira mikanda ndi ndolo zimene ndimaumba, akamva kuti zinthuzo n'zadongo, amandiyang'ana ndi maso okayika, popeza dongo limene iwo akulidziwa ndi lija amayi athu amakumba ku dambo kapena pachulu, nalikanda, naumba nalo mbiya, naziyanika pamthunzi masiku angapo zisanaone moto. Kukayika kwawoko sindikudzudzula ayi, pakuti dongo la polymer silinatuluke m'nthaka: ndi ufa wosalala wa pulasitiki ya PVC, yomwe ija amapangira mapaipi a madzi, wosakanizidwa ndi utoto ndi mafuta ofewetsa. M'kati mwake mulibe madzi, ndipo chifukwa cha ichi siliuma ndi mphepo. Munthu angathe kusiya ntchito yake pathebulo sabata yathunthu, nabwerera, naipeza ili yofewa monga anaisiyira.

Chiyambi chake n'cha ku Germany. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Käthe Kruse, mayi wotchuka popanga zidole, adayesa chinthu chatsopanochi naona kuti sichikuyenera ntchito yake. Koma mwana wake Sophie adachitola, nachikometsa ndi mitundu, nayamba kuchigulitsa, kufikira m'chaka cha 1964 pamene kampani ya Eberhard Faber idagula njira yopangira, ndipo dongolo lidadziwika ndi dzina lakuti FIMO, limene lero lili m'manja mwa Staedtler, eni ake a mapensulo aja. Ku America nako, dongo lotere lotchedwa Sculpey lidabadwa mwangozi m'zaka za m'ma 1960, pamene anthu ankafuna phala lochotsa kutentha m'mathiransifoma a magetsi, phalalo nkukanika ntchitoyo koma nkupezeka lokoma kuumbira.

Tsono chimene ndifuna owerenga anga achimvetse koposa zonse ndi nkhani ya moto, chifukwa apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, ndiponso pamene ogula amanyengedwa. Moto wootchera mbiya umapitirira madigiri 600, ndipo ng'anjo za oumba mbale zonyezimira zimaposa 1,000. Koma dongo lathuli limangofuna kutentha kocheperapo kuposa kumene uvuni umaphikira buledi. FIMO amapsa pa madigiri 110 kwa mphindi 30, mtundu wina wotchedwa Premo pa 130, wina wotchedwa Kato pa 150, ndipo chinthu chikakhala chochindikala nthawi imawonjezeka. Kutenthako kukafika pamlingo wake, timbewu ta pulasitiki timamwa mafuta aja, nitifufuma, nitigwirana kukhala thupi limodzi, monga ufa umamwera madzi otentha mumphika kufikira utalimba nsima. Kutentha kukachepa, kapena woumba akafulumira kutulutsa, timbewuto timangogwirana kunja, chinthucho nkuoneka chokongola ndithu, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ndolo yotere imathyoka tsiku loyamba mwini wake akaigwetsa, iye nkumapita akunena kuti dongo la polymer n'lachabe, pamene wolakwa ndi woumba wosaleza mtima. Kachidutswa kopyapyala kopsa bwino, kakazizira, kamapindika pang'ono osathyoka, ndipo wogula wanzeru ayenera kupempha kuona umboni umenewu.

Mbali inayo nayo ili ndi zoopsa zake. Kutentha kukayandikira madigiri 180 dongolo limapserera, nilituluka utsi wa hydrogen chloride umene umalasa m'maso ndi kukhosi. Ndipo n'chifukwa chake mbaula, ngakhale ili bwenzi lathu pa zinthu zambiri, ilibe gawo m'ntchito imeneyi, pakuti makala salamulika. Ngakhale uvuni wa magetsi suyenera kukhulupiriridwa pa mawu ake okha, chifukwa manambala olembedwa pa chotembenuzira chake kawirikawiri amasiyana ndi kutentha kwenikweni kwa m'kati. Ine ndimauza aliyense wodzaphunzira kwa ine kuti asanagule mitundu khumi ya dongo, ayambe wagula choyezera kutentha cha mu uvuni. Magetsi akazima ntchito ili pamoto, palibe chifukwa cholirira: dongo ili limalola kuotchedwa kawiri kapena katatu, malinga mlingo usapitirire. Koma adani ake ena ali m'nyumba momwemo, pakuti phukusi losiyidwa pazenera, m'galimoto yotseka, kapena pafupi ndi malata m'mwezi wa Okutobala, limayamba kupsa lokha pang'onopang'ono, nilisanduka zinyenyeswa zosaumbika, pamene mwini wake adalitaya ndalama zambiri poliitanitsa kunja.

Moto usanafike pali kukanda, ntchito yotopetsa imene achinyamata amaipeputsa. Dongo lochokera m'phukusi liyenera kufewetsedwa m'manja kufikira litapindika popanda kung'aluka m'mphepete, ndipo ambiri a ife timagwiritsa ntchito makina ophwathalitsira mtanda wa pasta, amene Ataliyana adawapangira kukhitchini. Popinda, mpindiro ndiwo uyenera kutsogola polowa m'makinamo, kuti mpweya uthawe. Ukatsekeredwa, umadzatupa pamoto nkusiya matuza. Dongo loyera limatola ulusi ndi fumbi lililonse, choncho woumba amayamba ndi mitundu yowala, nathera ku yakuda, akusamba m'manja pakati pake. Makinawo, mpeni ndi thireyi zikakhudza dongo zisabwererenso ku chakudya, ndipo chikho kapena mbale yodyera siziumbidwa ndi dongo limeneli. Zimenezo tiwasiyire oumba mbiya ndi amisiri onga a ku Dedza.

Funso limene ndimalandira koposa ndi lakuti ndimajambula bwanji timaluwa tating'onoting'ono tofanana pa mikanda makumi asanu. Sindijambula konse. Luso limeneli tidabwereka kwa osula magalasi a ku Murano, pafupi ndi Venice, amene amalitcha millefiori. Woumba amasanja timizere ndi timapepala ta dongo la mitundumitundu motsatira utali, kotero kuti chithunzi cha duwa chimaonekera kumapeto kwa mpukutu wonenepa. Kenaka amaufinya mpukutuwo mofatsa, kuyambira pakati kunka kunsonga, nauwonda, nautalikitsa, ndipo duwa lija limachepa lonse pamodzi popanda kusokonekera, kufikira limene linali lalikulu ngati chikhatho likhala laling'ono kuposa chikhadabo. Akadula ndi lumo lakuthwa, kagawo kalikonse kamatuluka ndi duwa lomwelo. Wofinya mwaphuma amapotoza chithunzi chonse, ndipo mpukutu wofunda ndi manja uyenera kupumula usanadulidwe. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Palinso njira imene Judith Skinner wa ku America adaitulukira m'zaka za m'ma 1990, yolumikiza zidutswa ziwiri za ngodya zitatu za mitundu yosiyana, nkumazipinda ndi kuzipititsa m'makina mobwerezabwereza mbali imodzimodziyo, mpaka mtundu wina utalowerera mwa unzake popanda malire ooneka. M'kuona kwanga, njira ziwirizi zimagwirizana bwino ndi maluwa a pa zitenje zathu kuposa tizithunzi ta kunja timene ambiri amangokopera pa intaneti, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona wophunzira waluso akuumba timakeke ndi tizimbalangondo pamene chitenje chimene wavala chadzaza ndi zojambula zoposa zimenezo.

Kunyezimira kumene ogula amakukonda sikuchokera m'botolo. Mkanda ukapsa nuzizira, timaukwecha ndi sandipepala yonyowetsa m'madzi, kuyambira ya nambala 400 kukwera mpaka 1,000 kapena kuposa, madziwo akugwira fumbi kuti lisalowe m'chifuwa, kenaka nkuupukuta mwamphamvu pa nsalu ya jinzi yakale. Ofuna njira yachidule amapaka utoto wa zikhadabo, ndipo sabata zoyamba zonse zimaoneka bwino. Koma mankhwala a mu utotowo amadyana ndi pulasitiki, kotero kuti pakapita miyezi mkandawo umayamba kunanda, nugwira fumbi ndi tsitsi la mwini wake. Amene afunadi kupaka, asankhe vanishi wosungunuka ndi madzi, ndipo ayambe wamuyesa pa kachidutswa kotsala.