Chimphona cha Maseŵera Ogwetsana

Kodi mudamvapo za André the Giant? Bambo ameneyu adabadwira ku France mu 1946, m'banja la alimi. Kutalika kwake kudapitirira mamita 2. Ntchito yake idali maseŵera ogwetsana, ndipo anthu ankalipira ndalama kuti akamuone.

Koma msinkhu wakewo udadza ndi matenda. Thupi lake silinkaleka kukula. Msana unkamuŵaŵa kwambiri. M'maseŵera ameneŵa wopambana amasankhidwiratu, koma kugwa kwake nkwenikweni, ndipo kumapweteka.

Mu 1987, ku America, André adalimbana ndi Hulk Hogan. Hogan adamunyamula nkumugwetsa pansi, napambana.

André adamwalira ku Paris mu 1993, ali ndi zaka 46. Mtima wake udatopa nalo thupi lalikululo.