Anamwino a Matenda Amgonagona ku Mua

Pakati pa anamwino eni ake pali kusiyanitsa kumene sikudalembedwe m'buku lililonse. Iwo amene amagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni kapena kumbali ya uzamba amaŵerengedwa kuti ndiwo akatswiri, popeza zipatso za ntchito yawo zimaoneka tsiku lomwelo: mwana wabadwa, wovulala wasokedwa. Koma wosamala odwala matenda amgonagona kaŵirikaŵiri anzake amamuyesa wotsalira, ngati kuti ntchito yake ndi kusambitsa ndi kudyetsa basi. Mbiri ya ku Mua, kunsi kwa mapiri a Dedza, ikutsutsa maganizo otere.

Ansembe a chipani cha White Fathers adafika pa Mua m'chaka cha 1902, ndipo mu 1927 padatsegulidwa malo osamalirako odwala khate. Masiku amenewo kudalibe mankhwala ochiza nthendayi kwenikweni, koma mafuta a mtengo wa chaulmoogra, amene jekeseni wake adali woŵaŵa koopsa. Ngakhale mankhwala a dapsone, amene adabwera nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, munthu ankamwa kwa zaka zambiri. Tsono wodwala ndi womusamala ankakalambira pamodzi.

Nanga luso la ntchito imeneyi lili pati? Khate limapha mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, kotero kuti munthu akhoza kuponda munga kapena kugwira mphika wamoto osamva kanthu. Zala zimafupika ndi kutha kaamba ka zilonda zosasamalidwa, osati kuti nthendayo imazidula monga anenera ambiri. Choncho namwino amakhala ngati mitsempha ya wodwalayo. Amayang'ana mapazi tsiku ndi tsiku, kuwaviika m'madzi, kupala chikakambo, kudzoza mafuta, ndi kuona ngati diso likutsinzina bwino, pakuti diso losatsinzina limauma nkufa. Chilonda chimene sichidabuke palibe amene amachiŵerenga, ndipo nchifukwa chake ntchitoyi siitamandidwa.

M'chaka cha 1981 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalimbikitsa kuphatikiza mankhwala angapo, ndipo lero khate limachizika m'miyezi 6 kapena 12. Pofika 1994 odwala m'Malaŵi adachepa kufika pansi pa mmodzi mwa anthu 10,000 alionse, ngakhale nthendayi ikupezekabe. Koma zilema za ochira zimafunabe chisamaliro cha moyo wonse. Ndipo pamene khate linkachepa, Edzi idadzaza nyumba za ku Golomoti, Mtakataka ndi kwina konse ndi odwala a chigonere.

Amene adakweza ulemu wa ntchitoyi ambiri adali anamwino. Cicely Saunders, amene adayamba ngati namwino asadakhale dokotala, adatsegula nyumba ya St Christopher's ku London mu 1967, naonetsa kuti kuthetsa ululu wa wodwala wosachira ndi maphunziro paokha. Kuno kwathu Mayi Lucy Finch, namwinonso, adayambitsa malo a Ndi Moyo ku Salima pa cholinga chomwechi.

Komabe m'zipatala zambiri za m'dziko lino anamwino ndi ochepa, ndipo mmodzi akakhala ndi wodi yonse amayamba wathamangira amene ali pakati pa moyo ndi imfa. Kutembenuza wachigonere kuti asatuluke zilonda pamsana, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala, zimatsalira mbale wodikirira matenda, amene amagona pamkeka pambali pa bedi, wopanda womuphunzitsa kagwiridwe kake.