Kodi mumadziwa? Nkhwazi ya pachizindikiro

Mukaima padoko la Kachulu, nkhwazi ikuwakha nsomba m'nyanja ya Chilwa, phiri la Mulanje likuonekera chapatali kummwera, ndiye kuti mwaona zina mwa zomwe zili pachizindikiro cha dziko lathu cha mu 1964: nkhwazi pamwamba, mkango ndi kambuku zitaima pa Mulanje.

Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone yemwe adafika pa Chilwa mu 1859, zizindikiro zotere zili ndi mkulu woziyang'anira, Lord Lyon. Ameneyu ndi woweruza ndithu, khoti lake lili ku Edinburgh, ndipo kaundula wake adayamba mu 1672. Munthu kungodzijambulira chizindikiro chotere n'kumachionetsa osalembetsa, ndi mlandu. Pamwambo, mkuluyu amavala chijasi chopetedwa mikango.