Mauka osamva mankhwala: chikuchitika n'chiyani m'thupimo?

Mwa akazi anayi alionse, pafupifupi atatu amadwalapo matendawa kamodzi pa moyo wawo: kuyabwa kumaliseche, kuwotcha pokodza, ndi chikazi choyera cha mibulumibulu ngati chambiko. Ambiri akalandira mankhwala amachira sabata isanathe. Koma alipo ena amene amati akachira mwezi uno, mwezi wamawa zayambiranso. Madokotala amati vutoli ndi lobwerezabwereza likafika kanayi pa chaka, ndipo mabuku ena amayambira pa katatu.

Chimene chimayambitsa ndi fangasi wotchedwa Candida, wachibale wa yisiti wofufumitsira mandasi uja. Sachokera kutali ayi. Anthu ambiri athanzi ali naye kale m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche, kungoti amakhala wochepa. Amene amamuletsa kuchulukana ndi chitetezo cha m'thupi pamodzi ndi mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus. Zinthu zikasokonekera, Candida amapeza mpata. Zimachitika munthu akamwa maantibayotiki ngati amoxicillin kapena doxycycline, amene amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe. Zimachitikanso kwa mayi woyembekezera, kwa wodwala shuga, ndi kwa amene chitetezo chake chatsika, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV.

Anyamata mumvetsere apa, chifukwa ndinu amene mumayambitsa mphekesera kusukulu: matendawa sali m'gulu la matenda opatsirana pogonana. Mtsikana amene sanagonanepo ndi munthu akhoza kuwadwala.

Ndikamacheza ndi atsikana a ku sekondale kuno ku Balaka ndi ku Machinga, funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, “Nanga bwanji ndagwiritsa ntchito mankhwala katatu konse koma sizikutha?” Yankho langa loyamba silikhudza n'komwe Candida. Limakhudza dzina lakuti mauka.

Kwathu kuno dzinali timaliponya pa china chilichonse choyabwa kumusi, pomwe matenda ake ndi angapo. Pali trichomoniasis, amene amayamba ndi kachilombo kopatsirana pogonana. Pali bacterial vaginosis, amene chikazi chake chimakhala chamadzimadzi ndi fungo ngati la nsomba. Onse awiriwa mankhwala ake ndi metronidazole, amene ambiri timangoti Flagyl, ndipo mankhwala a fangasi sawakhudza. Flagyl nayenso sapha Candida. Ndiye munthu atha kumwa mankhwala abwinobwino koma a matenda ena, n'kumati mankhwala asiya kugwira ntchito.

Palinso china chimene ife a m'mbali mwa Shire, nyanja ya Chilwa, Chiuta ndi Malombe sitiyenera kuchiiwala: likodzo. Tinazolowera kuliona ngati matenda a anyamata okodza magazi. Koma nyongolotsi zake, zimene timazitenga posamba, pochapa kapena polima mpunga m'madzi okhala ndi nkhono, zimatha kuikira mazira m'njira ya chiberekero. Zikatero mtsikana amamva kuyabwa, amatuluka chikazi chachilendo, mwinanso timagazi pamene si nthawi yake ya kumwezi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu za pulayimale. Ngati mumasamba kumtsinje kapena kunyanja, muwauze adokotala ngakhale asanakufunseni.

Tsopano tinene kuti ndi Candida ndithu. Mankhwala odziwika ndi awiri: clotrimazole, woika kumaliseche kapena wopaka, ndi fluconazole, wakumwa. Onsewa ndi a banja limodzi lotchedwa azole ndipo amagwira ntchito mofanana. Selo ya fangasi ili ndi kachikopa kokuta, ndipo kuti kachikopako kalimbe pamafunika mafuta otchedwa ergosterol. Ma azole amatsekereza enzaimu imene imapanga mafutawo. Kachikopa kaja kamafooka, fangasi n'kulephera kukula. Maselo athu alibe ergosterol, n'chifukwa chake mankhwalawa amavutitsa fangasi kuposa ife.

Onani bwino mawu amenewo: kulephera kukula. Fluconazole kwenikweni amaimitsa Candida, sapha yense. Ntchito yomalizitsa ndi ya thupi. Munthu akamamwa theka la mlingo, kapena kugula mbulu umodzi pamsika nthawi iliyonse akamva kuyabwa, maselo ofooka amatha koma olimba amatsala n'kuberekana. Ena amasintha kaumbidwe ka enzaimu ija moti mankhwala sakwanapo, ngati kiyi pa loko wina. Ena amachulukitsa timapampu ta pakachikopa totaya mankhwala kunja asanagwire ntchito. A Fomu 4, iyi ndi natural selection yomwe ija ya m'buku la Biology, kungoti ikuchitikira m'thupi la munthu.

Komanso Candida si wa mtundu umodzi. Wofala kwambiri ndi Candida albicans, ndipo nthawi zambiri amamva mankhwala. Candida glabrata amamva movutikira. Candida krusei ndiye fluconazole samugwira chibadwire. M'mwezi wa October 2022 bungwe la WHO linatulutsa koyamba mndandanda wa mafangasi 19 oopsa kwa anthu, ndipo atatu onsewa ali momwemo. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu pa chifukwa chinanso: fluconazole ndi mmodzi wa mankhwala a cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi amene amapha anthu omwe chitetezo chawo chatsikiratu. Si mankhwala oseweretsa.

M'zipatala zazing'ono zambiri, a zaumoyo amapereka mankhwala potengera zizindikiro zimene wodwala wafotokoza, osayeza ku labotale. Njirayi imathandiza anthu ambiri tsiku lomwelo, ndipo kwa wodwala koyamba ine sindiona vuto. Koma kwa amene wabwera kachitatu ndi zomwezo, kungobwereza sikuthandiza. Apa mpofunika kutenga buku lanu la kuchipatala, kuonetsa zonse zimene munalandira ndi zimene munagula nokha, n'kupempha mwaulemu kuti akuyezeni. Chikazi chikaikidwa pa maikulosikopu, Candida amaoneka, trichomonas nayenso amaoneka. Kudziwa mtundu weniweni wa Candida kumafuna kumumeretsa mu labotale yaikulu, ndiye mwina angakutumizeni ku chipatala cha boma ku Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde, nthawi zina mpaka ku Zomba Central. Kuyezetsa shuga, HIV ndi mimba ndi mbali ya kufufuza komweko, osati kukuganizirani zoipa.

Zikadziwika, thandizo lilipo. Pa albicans wobwerabwera, dokotala atha kupereka fluconazole katatu motalikitsa masiku atatuatatu, kenako kamodzi pa sabata kwa miyezi 6. Ambiri amakhala bwino nthawi yonseyo, ngakhale kwa ena zimadzabwerera akasiya. Pa mitundu yosamva ija amasintha banja la mankhwala, monga nystatin woika kumaliseche kwa masiku 14. Pa intaneti mudzaonanso za boric acid. Madokotala amamugwiritsadi ntchito, koma ndi poizoni akamezedwa, saloledwa kwa woyembekezera, ndipo si wopanga nokha kunyumba. Woyembekezera samwanso fluconazole pa vutoli. Amapatsidwa woika kwa masiku 7. Dziwaninso kuti clotrimazole amatha kufooketsa kondomu.

Za kunyumba n'zochepa. Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera. Sopo, mandimu, mchere kapena zitsamba zolowetsa mkati zimapsereza khungu lomwe latupa kale ndi kupha Lactobacillus uja. Kotentha ngati kuno, kabudula wamkati wa thonje wouma bwino amachepetsako chinyezi ndi kunyuka, koma paokha sachiza.

Chimene ndimachikana kwathunthu ndi chodula. M'midzi ina mukadali chikhulupiriro chakuti mauka ndi tinthu tomera kumaliseche tofunika kudula ndi lezala, ndiponso kuti mayi akakhala nawo mwana wake amatentha thupi. Candida sadulika ndi lezala. Chimene chimatsala ndi bala, magazi, ndi khomo lolowera matenda ena kuphatikizapo HIV. Mwana wotentha thupiyo ndi wofunika kumuyeza malungo tsiku lomwelo. Agogo kapena azakhali akanena zodula, apempheni akuperekezeni kaye kuchipatala. Ngati mukuchita manyazi pamzere wa anthu akuluakulu, funsani za malo othandizira achinyamata, kapena imbani 54747, Chipatala Cha Pa Foni, imene inayambira kuno ku Balaka mu 2011.