Mbande za tiyi zikada masamba, yambani mwafufuza musanapopere mankhwala

Alimi anzanga, makamaka inu a ku Thyolo amene muli ndi nazale zanuzanu za tiyi, sabata ino ndikufuna tikambirane za vuto limene limasowetsa mtendere anthu ambiri. Mbande zimene dzulo zinali zobiriwira bwino, lero mukupeza masamba a kunsonga apiringizika, ena ada ngati awauka ndi moto. Mbande ya tiyi imakhala mu nazale chaka chathunthu kapena kupitirira isanapite kumunda, choncho kutaya machubu 500 ndi kutaya thukuta la chaka chonse.

Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito m'manazale kuno, ndaona kuti munthu akangoona zimenezi amakwera njinga kukagula mankhwala pa Bvumbwe kapena pa Luchenza. Ine ndimati ayi, dikirani kaye. Zinthu zimene zimadetsa ndi kupiringiza tsamba la tiyi ndi zingapo, ndipo zina mwa izo mankhwala opopera alibe nazo ntchito. Chofunika ndi kuona pamene kudako kwayambira.

Thyolani tsamba limodzi lodwala, mulipukute ndi chala. Ngati zakudazo zikuchoka ngati mwaye wa m'khitchini, ndipo tsamba la pansi pake ndi lobiriwira, vuto lanu ndi nsabwe za m'masamba. Tembenuzani nsonga, mupeza tinsabwe takuda titaunjikana, nyerere zikukwera ndi kutsika. Nsabwezi zimayamwa madzi a tsamba lanthete mpaka kulipiringiza, ndiye zimatulutsa timadzi totsekemera tomwe chuku chakuda chimamerapo. Ndi zomwe zija timaziona pa mandimu ndi manachesi. Ili ndi vuto laling'ono. Madzi a sopo amathandiza, ndipo ngati mbande zogwidwa ndi zochepa mukhoza kungozifinya ndi zala.

Koma ngati zakudazo sizikuchoka, ndipo ndi timadontho tambirimbiri tolowa m'kati pa masamba anthete ndi pa phesi la kunsonga, pamenepo mwachezeredwa ndi mdani weniweni wa tiyi. Akatswiri amamutchula kuti Helopeltis, pamene m'maesiteti timangoti mosquito bug chifukwa ndi kowonda, ka miyendo ndi nyanga zitalizitali ngati udzudzu. Si udzudzu ayi, ndipo sikaluma munthu. Thupi lake ndi lofiirira, ndipo pamsana pali kanthu kotulukira ngati phini. Kakabaya tsamba kamasiya malovu a poizoni. Poyamba pamalo pobayidwapo pamaoneka ngati panyowa, pofika mawa pamakhala pada. Popeza pobayidwa pafa koma pozungulira pakukulabe, tsamba limapindika ndi kukwinyika, ndipo akabaya kambiri nsonga yonse imauma. Mbande imayesa kutulutsa mphukira zina m'munsi, nazonso zimabayidwa, mapeto ake mumakhala ndi kachitsamba konga tsache kosakula.

Ambiri amandiuza kuti afufuza koma sakuona kachilombo kalikonse. Ndikawafunsa nthawi imene anapita ku nazale, amati masana. Nchifukwa chake. Dzuwa likatentha kachilomboka kamabisala pansi pa masamba. Pitani m'mamawa mame asanaume kapena madzulo dzuwa litapendeka, ndipo muyende mosagwedeza mbande. Yang'ananinso mitengo ya gwafa, mapeyala ndi mango yomwe ili pafupi, chifukwa nayonso kamaidya. Nazale yomangidwa pansi pa gwafa ine sindiikhulupirira.

Pali tizilombo tina tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso popanda galasi lokulitsira zinthu, tomwe timakonda mbande za mu nazale. Chizindikiro chake nchoti tsamba lanthete limapindikira pansi, limauma gwa, ndipo kunsi kwake kumakhala mizere yofiirira yokhakhala motsatira mtsempha wa pakati. Zoterezi pitani nazo kwa alangizi, pakuti pali mitundu iwiri ya tizilombo yochita zofanana ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Tsopano tibwere ku zimene sizichokera kwa tizilombo, zomwe kwa ine ndi zimene zimapha mbande zambiri. Ngati kuda kwayambira kunsonga yeniyeni ya tsamba ndi m'mphepete mwake, nkumalowa m'kati pang'onopang'ono, popanda timadontho, ndiye kuti tsambalo likusowa madzi. Funso ndi lakuti likuwasowa bwanji. Mwina mwachotsa udzu wa pa shedi tsiku limodzi m'mwezi wa October, mbande zozolowera mthunzi nkukumana ndi dzuwa la ku Thyolo mwadzidzidzi. Mthunzi umachotsedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Mwina mwathira feteleza wambiri, yemwe m'kachubu alibe kothawira, ndiye watentha mizu. Kapena, chodabwitsa kwa ambiri, mwathirira kwambiri.

Inde, mbande imatha kufa ndi ludzu ili m'madzi. Mizu ya tiyi imafuna mpweya, ndipo dothi likakhala chinyowere imaola, osathanso kukoka madzi. Masamba amafota ndi kuda, mwini wake poona kufotako amawonjezera keni ina, basi waimaliza. Izi zimachitika kwambiri nthawi ya chiperoni, kuyambira May mpaka August, pamene kunja kumazizira, nkhungu ndi mawawa zili tsiku lonse, koma wothirira akutsatabe ndondomeko ya m'chilimwe. Musaope kupereka nsembe mbande imodzi. Ng'ambani chubu muone. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yoola imakhala yakuda, yofewa, ndipo imanunkha. Mukapeza zotere lekani kuthirira, boolani machubu kunsi, ndipo konzani ngalande kuti madzi asadikhe pa bedi.

Vuto la mizu yopanikizika si lathu lokha. Ku Japan kuli luso lakale losunga mitengo ikuluikulu m'timbale kuti ikhale yaifupi moyo wake wonse, lomwe amalitchula kuti bonsai. Mtengo wina umene amaukonda ndi maple, wa masamba opyapyala, ndipo nawonso umada m'mphepete ndi kupiringizika ukapsa ndi dzuwa, ukachulukiridwa feteleza kapena mizu ikamira. Odziwa ntchitoyo sathirira potsata wotchi, amayamba apisa chala m'dothi. Mbande yathu ya m'chubu ili m'ndende yomweyo, ndipo chala tonse tili nacho.

Chomaliza ndi njala ya mchere wa m'nthaka wotchedwa sulphur, ndipo nkhani yake ndi ya kwathu konkuno. M'masiku a Nyasaland minda ya tiyi inkavutika ndi matenda omwe azungu ankawatchula kuti tea yellows. Masamba ankachita chikasu, kuchepa, kupindikira m'mwamba m'mphepete, kenaka nsonga zake nkuda ndipo nthambi nkuyamba kuuma kuchokera kumwamba. M'chaka cha 1933 akatswiri awiri, a Storey ndi a Leach, anaonetsa kuti sikanali kachilombo kapena matenda opatsirana, koma kusowa kwa sulphur m'dothi. Kusiyana kwake ndi zina zija nkoti apa chikasu chimayamba, kuda kumabwera pambuyo. Feteleza wa sulphate of ammonia ali ndi mcherewu, pamene urea ndi CAN alibe. Pokhala tili pa dothi, ndinenenso kuti tiyi amakonda dothi lowawasa, la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5. Musathire phulusa kapena laimu m'dothi la m'machubu ngati mmene ena amachitira ku dimba la masamba, ndipo pewani dothi la pachulu kapena la pabwinja.

Mukatsimikiza kuti ndi tizilombo ndipo mankhwala akufunikadi, musagule a m'timabotolo topanda dzina tomwe anyamata amayala pansi tsiku la msika. Tiyi wathu wambiri amagulitsidwa kunja, ndipo ogula amayeza zotsalira za mankhwala m'masamba. Thiodan amene akuluakulu ambiri amamukumbuka ndi endosulfan, yemwe mayiko anagwirizana zomuthetsa m'chaka cha 2011. Funsani alangizi a kampani imene imagula masamba anu kuti ndi mankhwala ati ololedwa.

Zikakukanikani, akatswiri a Tea Research Foundation ali pa Mimosa ku Mulanje, komwe kunachokera mitundu ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108 yomwe ambiri tikubzala. Popita kwa iwo kapena kwa alangizi musatenge tsamba limodzi louma m'thumba la malaya. Nyamulani mbande zitatu ndi machubu ake omwe: yabwino, yongoyamba kudwala ndi yodwalitsa. Muwauzenso tsiku limene munathira feteleza komaliza, mtundu wake, ndi kangati mumathirira pa sabata.